Mazira Pansi pa Matewera

Lachitatu limenelo Namazira anadzuka kusanayere bwino. Anasesa khola, anatsuka zomwera nkhuku, anathira madeya, anaviika matewera, anatereka madzi osamba a mwamuna wake, anasita ovolosi, anapaka apongozi ake mankhwala m'mawondo, anadyetsa mwana, kenaka anatola mazira anayi oyamba n'kulemba tsiku pa lililonse ndi pensulo. Dzina la Namazira anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, poti nkhani iliyonse akaiyamba inkathera ku mazira. Foni inalira manja ake ali m'thovu la sopo, ndipo amene anaitola ndi mwamuna wake, wowotcherera zitsulo.

"Chibwenzi chako chalemba," anatero mwamunayo. "Ndikuwerengere, poti iwe sukulu unasiyira panjira?"

"Ndi mwini makina ameneyo, bambo ake mwana. Mumamudziwa. Ndipatseni."

Mwini makina anali mlimi wa kutali, ulendo wa masiku awiri pa positi, amene anali ndi makina ofungatira mazira. Anaona chithunzi cha nkhuku zazikulu zamawangamawanga za Namazira, n'kuitanitsa mazira makumi atatu oyesera. Milungu itatu inali itakwana.

Mwamunayo anawerenga mopyapyalitsa mawu ngati mkazi. "'Mayi, aswa anapiye anayi okha. Mazira anafika opanda mng'alu, koma nditaunika ndi tochi, mpweya wa m'kati umayendayenda ngati madzi m'botolo. Nkhuku zanu ndazikonda.' Wamva? Wazikonda! 'Tumizani kamodzinso. Akaswa bwino ndizigula mwezi ndi mwezi. Akakanika, tisiyane bwino.' Watumizanso chithunzi. Koma si nkhope yake, usakondwe."

Namazira anapukuta manja pa nsalu n'kulanda foniyo. Chithunzi chinali cha katoni yake itangotsegulidwa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Iye anamata ndi selotepi woyera, koma apa m'mbali munali selotepi wakuda wa mawaya. Iye dzira lililonse analiimika kosongoka pansi, tsiku la pensulo likuoneka pamwamba. Apa panalibe tsiku ngakhale limodzi. Onse anali chadodolido.

"Katoni ija munaitsegula."

"Katoni yotuluka m'nyumba mwanga ndiipemphe chilolezo?"

"Ndinakupatsani kuti mungokasiya ku positi, poti ine mumandiletsa kupita m'tauni. Munkafunamo chiyani?"

"Kalata. Mkazi wokulunga dzira lililonse palokha ngati mphatso, n'kumatumiza kwa mwamuna amene sindinamuonepo, ine ndingoti zikomo?"

"Munaipeza kalatayo?"

"Unabisa bwino. Komatu ndinakuthandiza, iwe wosayamika. Lililonse ndinaligwedeza pakhutu kuti ndimve ngati ndi losukusa. Ndinabwezeramo onse, ndinamanga pa njinga pamodzi ndi zitsulo, ndinakasiya."

"Pamodzi ndi zitsulo! Pa msewu wa mabampu uja! Bambo ake mwana, dzira loti likaswe si la pa chiwaya. Muli mwana m'menemo. Mpweya wake umakhala kumtunda, ku mbali yaikulu, ukachoka pamalo basi mwanapiye wafa asanayambe."

"Linasweka?"

"Kunja ayi."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Pakamwa ndi pa boma, koma tsiku limenelo Namazira panamuthawa. "Zoona. Zowononga m'kati kunja kuli bwinobwino, inu ndiye katswiri wake."

Mwamunayo anaika kapu ya tiyi pa tebulo mosamala. Anapita kukatseka chitseko. Mwana, kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, anakwawira pansi pa tebulo osauzidwa. Kuseri kwa khoma, m'chipinda cha apongozi, wailesi inakwera mawu.

Anamumenya ndi chingwe cha makina owotcherera, chopinda pawiri, chokhala ndi chitsulo kumapeto. Kumsana, m'nthiti, m'ntchafu. Kumaso sankafikako, ankati nkhope ya mkazi ndi ulemu wa mwamuna. Namazira anagwa pakati pa mpando ndi kabati, manja ataphimba mutu, akuwerenga mumtima monga ankachitira nthawi zonse. Anafika pa khumi ndi zinayi. Kunja tambala analira.

Mwamunayo anaima, akupuma ngati wakwera phiri. "Wamumva mnzako? Atambala awiri salira khola limodzi."

Anatuluka. Namazira anamva mathadzi akubalalika, mapiko akuomba waya, kenaka zii. Tambala wamkulu uja, yekhayo wa mtundu wake m'dera lonselo, anagwera pa mapazi ake khosi litapotoka, miyendo ikadaphiriphitha.

"Ndikamabwera ndipeze wapsa. Ndipo imva bwino. Ndikudziwa galimoto ya makalata imanyamuka Lolemba. Phazi lako likaponda ku positi, ndilithyola."

Apongozi anatuluka Namazira akusosola nthenga kuseri kwa nyumba. Anakhala pa mpando wawo, n'kumasisita mawondo.

"Madziwo azizira, mayi ake mwana. Nthenga sizichoka bwino."

"Amayi, munamva?"

"Ine ndimamvera za maliro pa wailesi."

"Munakweza."

"Nanga mumafuna anthu amve? Za m'nyumba ndi za m'nyumba. Mano ndi lilime zimalumana, koma zimagona m'kamwa limodzi. Ine malemu apongozi anu anandithyola chala ichi, mukuchiona? Ndinapita kuti? Ndinalera ana asanu ndi mmodzi."

"Mmodzi wa iwo ndi ameneyu."

"Pakamwa pamenepo ndi pomwe pakukupweteketsani. Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Mwana wanga ndi wa mtima wapachala, inde, koma amakusungani. Munabwera muno ndi mimba ndi kachikwama ka sukulu. Nkhuku zakupatsani mapiko."

"Nkhukuzi ndi zomwe zimagula mankhwala a mawondo anuwo."

"Ndiye zizigula mwakachetechete. Mkazi akayamba kudziwika ku positi, mawa adziwika ku depoti ya mabasi." Apongozi anasuzumira m'beseni. "Chiwindi mundisungire. Mano anga sagwira nyama yolimba."

Namazira anatenga mpeni. Ankang'amba mimba ya tambala, koma mutu wake unali ku khola. Ankadziwa chinthu chimene mwamuna wake sankachidziwa: tambala akafa, mbewu yake imatsala m'mathadzi sabata yathunthu, mwina kupitirirako pang'ono. Mazira a mawa, a mkucha, mpaka a Lolemba, akanakhala ndi moyo. Kupitirira apo akanakhala a pa chiwaya basi. Inali katoni imodzi yokha imene inatsala pakati pa iye ndi moyo wopempha ngakhale ya sopo.

Mathadzi anali asanu ndi anayi. Lachinayi anaikira asanu okha, mantha a dzulo anali asanawathere. Lachisanu asanu ndi awiri. Namazira ankatola katatu pa tsiku kuti dzuwa lisawatenthe, akuwerama ndi mawondo poti msana sunkalola. Abwino ankawabisa pa thireyi kuseri kwa thumba la makala, pozizira, n'kumapendeketsa thireyiyo m'mawa uku, madzulo uku. Opindika, aang'ono ndi a ming'alu ankawaika poyera, m'mbale ya pa kabati.

"Mazira achepa bwanji?" anafunsa mwamuna wake Loweruka.

"Zikulira mwamuna wawo."

"Zili ndi ulemu kuposa iwe."

Lamlungu masana mwamunayo anapita kukaonera mpira, apongozi ali ku mapemphero. Namazira anakhoma chitseko. Anatulutsa makatoni atatu amene anapempha ku golosale, thumba la utuchi la kwa kalipentala, ndi mulu wa nyuzipepala zakale. Mwana anakhala pambali, maso tong'o.

Dzira lililonse analowa nalo m'kabati ya zovala, mumdima, n'kuliunika ndi tochi. Awiri anaonetsa ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, anapita m'mbale. Otsalawo sanawatsuke, poti madzi amachotsa kachikopa kosaoneka kamene kamatsekereza matenda. Pomwe panali kachitosi ankangopala ndi chikhadabo. Lililonse analikulunga m'mapepala awiri, n'kulilowetsa m'kamphete ka katoni kamene anadula yekha, kosongoka pansi. Utuchi pansi, utuchi pakati, utuchi pamwamba, akusindikiza ndi zala mpaka panalibe dzira lokhudza linzake kapena khoma. Makumi awiri ndi anayi. Pamwamba anaika kapepala: "Musawaike m'makina lero. Apume tsiku limodzi, ali chiimire." Katoni yaing'onoyo anaiika m'kati mwa yokulirapo, n'kuzinga mapepala ofinya mbali zonse. Kunja analemba ndi zilembo zazikulu, mbali zinayi, MAZIRA AMOYO, MUSAGWEDEZE, ndi mivi yoloza kumwamba.

"Maziya," anatero mwana, akusisita katoni.

"Eya, mazira. Khala chete."

Katoni imeneyo anaikuta ndi pulasitiki, n'kuikhazika pansi pa beseni lalikulu lochapira. Pamwamba anaunjika matewera osachapa a masiku awiri. Pa zaka zitatu za ukwati, mwamuna wake anali atagwira chilichonse chake, foni, chikwama, khosi, koma thewera anali asanaligwirepo.

Katoni yachitatu anaikonzanso bwinobwino. Pansi anadzaza mapepala okulungakulunga, pamwamba anandandalika mazira asanu ndi awiri osafunika a m'mbale aja. Anamata, analemba keyala ya mwini makina, n'kuibisa pansi pa bedi, pobisika poti munthu wofuna apeze.

Lolemba mwamuna wake sanavale ovolosi. Anamwa tiyi, anakhala pa mpando wa pafupi ndi khomo, miyendo atatambasula.

"Lero simupita ku ntchito?"

"Ntchito yanga lero ili muno. Ili kuti?"

"Chiyani?"

"Usandiyese mwana. Utuchi uli mbwee pakhonde, ukuganiza ndine wakhungu?"

Anayamba ndi kabati, zovala zonse pansi. Anagubuduza thumba la makala. Anatembenuza matiresi, kenaka anagwada, n'kutuluka ndi katoni, akuseka.

"Galu wamkota sakandira pachabe. Amayi! Bwerani mudzaone mpongozi wanu wopemphera!"

Apongozi anaima pakhomo la chipinda chawo. "Mwananga, pang'onopang'ono. Anthu sanapite ku ntchito."

"Gwada," anatero mwamunayo.

Namazira anagwada. Mwamunayo anang'amba katoni ndi mano, anafutukula dzira loyamba, n'kuliphwanya pa mutu pake ndi chikhatho. Lachiwiri pa chipumi. Lachitatu analisindikiza pakamwa pake mpaka zikamba zinamucheka mlomo.

"Idya! Si za chibwenzi chako? Idya!"

Namazira analola. Anali atawerengera kuti akatha asanu ndi awiriwo, apondaponda katoni, amumenya pang'ono, kenaka apita ku ntchito mtima utatsika. Ndipo zinkayenda momwemo. Mwamunayo anaponya katoni pansi n'kuilumphira ndi nsapato zonse ziwiri.

Kenaka anaima. Anayang'ana pansi. Anafukula mapepala ndi phazi.

"Bwanji mouma chonchi? Ena ali kuti?"

Mwana anatuluka pansi pa tebulo. Ankafuna kuthandiza, kuti bambo ake asiye kukuwa. Anayenda dzandidzandi mpaka pa ngodya, n'kuika kadzanja kake pa mkombero wa beseni.

"Maziya. Ababa, maziya."

Mwamunayo anayamba kutembenuka.

Namazira anaimirira. Sanaganize nthawi yaitali, poti panalibe nthawi. Analavula zikamba, n'kukuwa mawu oti amveke mpaka pa msewu.

"Mwamuna wochitira nsanje dzira! Unapha tambala chifukwa amakuposa! Iye mathadzi asanu ndi anayi ankawakwanitsa, iwe mmodzi yekhayu mpaka utenge chingwe!"

Chikwatiwire anali asanamutchulepo kuti iwe. Apongozi anagwira pakamwa. Mwamunayo anaiwala beseni, anaiwala mwana, anaiwalanso lamulo lake la nkhope.

Chibakera choyamba chinafikira pakamwa, Namazira anamva mano akugwera pa lilime. Chachiwiri chinafikira pa khutu lamanzere, ndipo dziko lonse linalira ngati belu. Anagwa chakutali ndi ngodya, dala, n'kukwawira kukhomo la kuchipinda kuti mwamunayo amutsatire komweko. Nsapato inamupeza m'nthiti kamodzi, kawiri, kachitatu china chake chinathyoka ngati nkhuni yowuma. Mwana ankalira mosatulutsa mawu. Wailesi ulendo uno sinakwezedwe. Apongozi anangothamangira kukatseka mawindo.

"Wapha munthu iwe! Basi! Ukufuna ukafere kundende chifukwa cha nkhuku?"

Mwamunayo anayang'ana dzanja lake. Mano anali atamucheka pa mfundo za zala, magazi akuchucha. Anatukwana, anakulunga dzanjalo ndi nsalu ya pa tebulo, n'kutuluka. Njinga inamveka ikutsika msewu.

Namazira anagona pomwepo mpaka denga linasiya kuzungulira. Kenaka anagwira mwendo wa bedi, anadzuka. Anabereka mwana, mfundo ya nsalu inakhala pa nthiti yothyoka ndipo anaona mdima, koma anamanga. Anapita pa ngodya. Beseni sakanatha kulisenza. Anachotsa matewera limodzilimodzi, anavundukula pulasitiki, n'kutulutsa katoni ili yowuma, mivi ikuloza kumwamba.

Apongozi anaiyang'ana katoniyo, n'kumuyang'ana iye. "Ndiye kuti zonsezi munazifuna dala."

"Ndipatseni njira, Amayi."

"Mukupita kuti ndi nkhope imeneyo? Sambani kaye. Fundani nsalu kumutu. Anthu aona."

"Aone."

"Mukatuluka chonchi, mwatichotsa ulemu tonse. Simudzalowanso muno."

"Ndamva," anatero Namazira, ngakhale anamva ndi khutu limodzi.

Ku positi ndi ulendo wa theka la ola. Iye anayenda ola lathunthu. Minibasi inaima, kondakitala n'kumuitana, koma anapukusa mutu, poti mabampu a msewu umenewo ankawadziwa. Anayenda ngati wanyamula mbale yodzaza madzi, katoni ataigwira ndi manja awiri patsogolo, osaigunditsa pa mimba. Telala anaimitsa makina ake. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Wometa tsitsi, mnzake wa mwamuna wake wa ku mpira, analowa m'kati n'kukoka katani. Panalibe anamufunsa kanthu. Dzira linaumira m'tsitsi, ntchentche zikumutsata.

Mu positi munali mzere, koma unapatuka wokha. Mayi wa pa kauntala anavula magalasi.

"Mayi inu! Mwagundidwa ndi galimoto?"

"Ndikufuna kutumiza katunduyu."

"Chipatala chili kuseri kuno. Pitani kaye, katundu sathawa."

"Galimoto ya makalata inyamuka nthawi yanji?"

"Ikupakira panopa."

"Ndiye yezani. Ikandisiya, agona muno mpaka Lachinayi, ndipo afa."

Mayiyo anaika katoni pa sikelo ndi manja awiri. "Muli chiyani?"

"Mazira."

Anayang'ana tsitsi la Namazira, ndi zikamba zomatirira pa khosi. "Ndaona."

"Awa ndi ena. Am'katimo ndi athunthu."

Namazira anamasula mfundo ya pa nsonga ya nsalu n'kulipira. Posaina, dontho la magazi linagwera pa fomu. Mayiyo analipukuta ndi chala chake, osanyansidwa.

"Amene wachita izi ndi wa kunyumba?"

"Eya. Chonde musaiike m'thumba. Matumba amaponya."

Mayiyo anatuluka kuseri kwa kauntala, ananyamula katoni yekha mpaka panja. Namazira anamuona pa windo akulankhula ndi dalaivala, akumuloza chala kumaso. Dalaivala anachotsa jekete lake pa mpando wa kutsogolo, anakhazika katoni pamenepo, n'kuimanga lamba ngati munthu. Galimoto inatuluka pa geti. Namazira anakhala pansi pa simenti, mwana ali kumsana.

"Tsopano," anatero mayi wa pa kauntala, "chipatala, kenaka polisi. Ndikuperekezani. Amene ali pa mzere adikire, masitampa saola."

Mwamuna wake anagona m'chitolokosi masiku awiri. Lachitatu apongozi anapita ndi mawondo awo omwewo, analira pa kauntala ya polisi, ndipo wapolisi wamkulu anati nkhani za m'banja zimakoma kukambirana. Namazira anasamukira kwa mkulu wake, m'chipinda chimodzi cha anthu asanu. Mlamu wake atapita ndi wilibala kukatenga nkhuku, anapeza mathadzi asanu ndi limodzi. Atatu anali atadyedwa.

Uthenga wa mwini makina unafika patatha masiku makumi awiri ndi anayi, Namazira akukhoma khola latsopano kuseri kwa bafa. "Mayi, aswa khumi ndi asanu ndi anayi. Onse ndi amphamvu. Kalongedzedwe kotere sindinakaonepo. Mwezi wamawa tumizani makumi anayi. Ndamva kuti tambala mulibe. Mwa anapiyewa ndikusungirani atambala awiri, koma pakadali pano ndikutumizirani wanga pa basi."

Mkulu wake anawerenga kawiri. "Anapiye khumi ndi asanu ndi anayi. Mng'ono wanga, ndi zimenezi unafera?"

"Sindinafe. Gwirani msomaliwu."

Zimene katoni imeneyo inadya ndi izi. Tambala mmodzi ndi mathadzi atatu. Mano awiri a kutsogolo. Nthiti imodzi, imene inalumikizana mokhota, moti akanyamula ndowa amaimva. Mapoto, bedi ndi makatani, poti mwamunayo anakaniza. Ukwati wa zaka zitatu. Dzina lake mumsewu muja, kumene mpaka lero amati anathawa banja chifukwa cha mwamuna wa pa foni. Mwana anakhala milungu iwiri osatulutsa liwu, ndipo anayambiranso kukodza pogona. Khutu lamanzere adokotala anati silidzabwerera. Foni masiku ano amamvera kumanja.